Muvi wa Timadontho

"Ndidzalumikiza ndekha, ababa," anatero mtsikanayo, chikwama chili kale paphewa.

Aphunzitsi sanatembenuke. Anali chiyang'anire bolodi, choko kudzanja lamanja, chofufutira kumanzere. Pakona ya kumwamba anali atajambula banja lawo monga ankajambulira chiwerengero cha anthu a dziko pa phunziro la jogalafe: amuna mbali ino, akazi mbali iyo, akuluakulu pamwamba, ana pansi, aliyense kabokosi kake. Kuchokera pa kabokosi ka mwana wawo wamkazi anali atakoka muvi wonenepa wotulukira kunja. Tsopano ananyowetsa nsonga ya choko ndi lilime, monga ankachitira akafuna kuti cholembedwa chikhalitse, n'kuyamba kudontheza muvi wina wobwerera, wa timadontho tokhatokha.

"Wonenepawu ndi zimene zachitika," anatero. "Wa timadonthowu ndi zimene anthu amayankhula pa depoti."

"Ine si anthu a pa depoti. Zaka zitatu basi. Ndikatenga pepala la unamwino ndikubwerera, mlongo wanga apite nayenso akaone kunja. Ndidzaima pompano, ana anu akuona, ndilumikize timadonthoti."

"Chabwino. Sindifufuta."

Sanafufutedi. Zaka zitatu zija zinabereka zinzake mpaka kupitirira makumi awiri. Bolodi linkapakidwa penti chaka ndi chaka, aphunzitsi a masamu ankadandaula kuti akusowa polemba, koma kona ija inali ya Aphunzitsi, ndipo penti ikauma ankajambulanso. Mtsikanayo anabwerako kawiri, maulendo onse nthawi ya tchuthi, sukulu yotseka. Ana onse odutsa m'kalasi yomaliza ya sekondale imeneyo anaphunzira za kusamuka kwa anthu pamsana pa munthu amene sanamuonepo. Dzina lake lenileni analibe nalo ntchito. Ankangomutcha Muvi.

Muvi anafika maliro a Aphunzitsi ataikidwa dzulo lake. Woyendetsa takisi amene anamutenga pabwalo la ndege atamva kumene akupita, anamuyang'ana pagalasi nthawi yaitali.

"Kunyumba kwa Aphunzitsi? Pepani kwambiri, mayi. Koma si inu a Muvi?"

"Ndine."

"Ha! Inu munandipulumutsa pamayeso. Funso la zokankha ndi zokoka ndinangolemba za inu tsamba lonse. Malipiro ochepa kuno, kukankha. Zipatala zowala uko, kukoka. Maphunziro onse ndinalakwa, ndinakhoza jogalafe yekha."

Muvi anayang'ana kunja. Msewu umene ankauloweza ngati nyimbo unali utamezedwa. Pamene panali bwalo la mpira panali timashopu ta mafoni. Laibulale imene anawerengeramo mabuku onse, mpaka a kaweta njuchi, inali itasanduka mogulitsira matayala. Ndiye ana! Ana pakhonde, ana mumsewu, ana onyamula ana anzawo. Kumene ankakhala, khanda likalira m'basi anthu onse ankatembenuka ngati mwalowa mbalame yosowa. Kuno palibe ankatembenuka. Mtima wake unakwiyira tauniyo chifukwa chosamudikira, ngati kuti ndi tauniyo imene inalonjeza.

Pakhomo anapeza mlongo wake akukweza mipando yobwereka pagalimoto. Anali wamng'ono kwa iye, koma imvi zinali zitayambira kwa wamng'onoyo. Anthu ankamutcha Sipanala, chifukwa cha galaja yake ya kuseri kwa msika.

"Mwafika, achemwali," anatero osatula mpando. "Mwapeza tatha. Tikanadziwa tikanawauza ababa adikireko zaka zitatu zina."

"Iwe, ndangotsika kumene."

"Gwirani uko, benchili ndi lolemera."

Anagwira. Ananyamula mabenchi onse osayankhulanso, ndipo kumeneko kunali kupatsana moni kwawo.

Amayi anali kuchipinda, akupinda malaya a malemu. Thumba lililonse linkatulutsa kachidutswa ka choko, iwo n'kumaponya m'sosala. Anamukumbatira, kenako anamukankhira kumbuyo pang'ono kuti amuone bwino.

"Nkhope yanenepa, koma maso ndi a munthu wosagona. Mdzukulu wanga wamusiya ndi ndani?"

"Ndi mnzanga wa khomo loyandikana. Ali ndi mayeso, Amayi."

"Aliyense ali ndi mayeso. Bambo akonso afa akudandaula za mayeso."

Nkhani inatuluka alendo atatha, pa tiyi wa m'mawa. Sipanala anali atangowabaya Amayi jakisoni wa shuga, ndi manja ake a girisi wosatha ngakhale atawasamba ndi sopo wa mbale. Ankawabaya m'mawa ndi madzulo, popeza maso awo anali atachita mdima moti sankaonanso timizere ta pa jakisoniyo. Anatseka kabotolo, nakhala pansi.

"Kampani ya zombo ija yandiitananso. Akufuna wokonza mainjini. Aka n'kachitatu, ndipo anena poyera kuti chaka chamawa ndidzakhala nditapitirira msinkhu. Akufuna yankho Lolemba."

"Nanga Amayi?" anafunsa Muvi.

"Ndimati funso limenelo ndikufunseni inu."

"Ndiwatenga. Ndikangofika ndikayamba mapepala."

"Undifunse kaye," anatero Amayi, akuviika buledi m'tiyi. "Ndine katundu ine? Ndikakhale pawindo kuonerera chisanu, osamva ngakhale zimene mdzukulu wanga akundinena? Amuna anga agona kuno. Sindisuntha."

"Ndiye tipeze namwino azikhala pano. Zonse ndiziona ine."

Sipanala anaseka, kuseka kopanda mano. Ankadziwa bwino ntchito ya mlongo wake. Pepala la unamwino lija linamufikitsa m'nyumba yosungira okalamba, kumene ankatembenuza, kusambitsa ndi kudyetsa makolo a anthu otanganidwa.

"Mwamva, Amayi? Tilembe ntchito mwana wa eni ake azikusambitsani, kuti mwana wanu apitirize kusambitsa amayi a eni ake. Imeneyi ababa akanaijambula bwino. Mivi ingati pamenepa?"

"Ine sindinakutsekere khomo, iwe."

"Simunatseke, munangopita ndi kiyi. Ababa ankati, dikira mlongo wako abwere. Ndinayamba kudikira tsitsi lili bii. Inu munali muvi, achemwali, tauni yonse imakudziwani. Ine ndinali kabokosi. Kabokosi sikafunsidwa pamayeso."

Anatenga makiyi a galimoto n'kutuluka. Amayi anayang'ana chitseko chikugwedezeka.

"Ukudziwa kuti chichokereni pasukulu paja sanalowemonso m'kalasi ya bambo ake? Ankawasiya pageti n'kutembenuza galimoto. Ankati sakufuna kukaona chithunzi chako."

Masana kunabwera Ahedi, mayi wamtali wa mawu okhuthala, atanyamula magalasi a malemu amene anatsalira m'dirowa ya ku ofesi. Atapepesa, sanazungulire.

"Mayeso ayandikira. Aphunzitsi atisiya mutu wa chiwerengero cha anthu uli pakati, ndipo wina wa jogalafe ndilibe. Ana amva kuti mwabwera. Akuti akufuna akuoneni ndi maso."

"Ine ndine namwino, Ahedi."

"Ndinu mutu wonsewo, mayi. Mungoima kutsogolo, theka la ntchito latha."

Mmawa mwake Muvi anavala bulauzi yakuda n'kupita. Kalasi inali yomwe ija, mawindo omwe aja osatsekeka, koma madesiki amene kale ankakhala awiriawiri tsopano ankakhala atatu, ena anayi, zigongono zikulimbana. Atalowa, phokoso linazima. Wina kumbuyo ananong'ona kuti, "Ndi wamfupi," ngati kuti muvi wa pabolodi unawalonjeza munthu wamtali.

Sanayang'ane kona ija. Anatola choko n'kujambula zithunzi ziwiri: china chotambalala pansi, chosongoka pamwamba, china chowonda pansi, chonenepa pamwamba ngati bowa.

"Ichi ndi inu," anatero akuloza choyamba. "Ana ambiri, okalamba ochepa. Ichi ndi kumene ndimakhala. M'buku mwanu alemba kuti obadwa achepa ndipo anthu akukhalitsa. N'zoona, lembani choncho pamayeso. Koma ndikuuzeni mmene zimaonekera. Nyumba imene ndimagwiramo ntchito inali sukulu ya pulayimale. Ana anatha, anaitseka. Mbedza zokolowekapo majasi zikadali m'munsi, pa msinkhu wa mwana wa zaka zisanu ndi chimodzi. Palibe anazikweza. Okalamba a pamipando ya matayala amazifikira bwinobwino."

Zolembera zinathamanga. Anawafotokozera za anthu ogwira ntchito amene ayenera kunyamula ana ndi okalamba, kuti akachepa dziko limapita kukawasaka kwina, ndipo kwinako ndi m'makalasi ngati ino. Anawafunsa mafunso, anayankha bwino, mawu enieni a bambo ake, mpaka kutsokomola kwawo kukanatha kumveka. Kenako iye anati afunse iwo.

"Amalipira bwanji, madamu?"

"Mapepala ake amayambira pati?"

"Akufuna anamwino okha, kapena amagetsi nawonso?"

"Dikirani. Ndi angati muno akufuna kuchoka?"

Manja anakwera ngati chimanga. Amene sanakweze anali mnyamata mmodzi amene ankagona.

"Simukudziwa chimene mukupempha," anatero Muvi, mawu atakwera. "Mudzapita kukagula mchere m'chiyankhulo cha eni ake. Mudzaseka nthabwala anzanu atamaliza kale kuseka. Mudzabereka mwana amene sadzatha kutchula dzina la agogo ake. Ndipo tsiku lina foni idzalira muli ndi mbale ya phala la munthu wina m'manja, mudzamaliza kumudyetsa kaye, chifukwa ndi ntchito, kenako mudzapita kukalirira ku bafa."

Pofuna pobisa nkhope Muvi anatembenukira kubolodi, maso ake n'kugwera pakona paja.

Banja lija linalipo. Kabokosi ka Aphunzitsi wina anali atakadula ndi mzere waukhondo, wokoka ndi rula. Kunja kwa chithunzi cha banjalo, kunsonga ya muvi wonenepa, kunali kabokosi kakang'ono kayekha, mwana wake. Muvi wa timadontho unali pomwe paja, woyera ngati wadonthezedwa dzulo. Koma panali chinthu chimene sanachidziwe. Kuchokera pa kabokosi ka Sipanala panatuluka muvi wachitatu, woloza kunja, nawonso wa timadontho.

"Uwu ndi chiyani?"

Anayankha mtsikana wa kutsogolo, wa magalasi omangidwa ndi ulusi, amene ena ankamuyang'ana nthawi zonse funso likavuta.

"Ndi wa achimwene anu, madamu. Aphunzitsi ankati mivi iwiriyi ndi yomangana. Uwu ukalumikizidwa, uwunso ulumikizidwa. Ankati mabuku amawerenga ochoka ndi obwera, koma saphunzitsa za munthu amene watsala kuti wina achoke. Ankatiuza kuti ameneyo sadzabwera pamayeso, koma timudziwe."

Muvi anakokera mpando pansi pa kona ija, navula nsapato, nakwera. Anaika choko pa kadontho koyamba ka muvi wake.

"Pepani, madamu." Anali mtsikana yemwe uja, dzanja m'mwamba. "Simungalumikize."

"Wati chiyani?"

"Wobwerera amawerengedwa akakhala chaka chathunthu. Wosakwanitsa chaka ndi mlendo, sasintha chiwerengero. Zili m'buku." Anakankha magalasi ake ndi chala. "Ndiponso Aphunzitsi ananeneratu. Anati, akadzabwera kumaliro anga musadzamulole. Wobwera kumaliro ndi mlendo."

Wina anaseka, mnzake n'kumugunda ndi chigongono. Muvi anali chiimire pampando, wopanda nsapato, choko m'mwamba, pamaso pa ana amene anamuphunzira ngati mtsinje kapena phiri. Bambo ake anali atamuchongera ntchito ali m'manda, ndipo anachonga molondola.

Anatsika. Anaika choko m'dzanja la mtsikanayo n'kulifumbatitsa.

"Sunga. Chaka chamawa, mwezi ngati uno, ndidzabwera kudzalumikiza."

"Ife tidzakhala titamaliza, madamu."

"Ndiye upatse obwera pambuyo pako. Ndikhala."

Kuchokera kusukulu anapita molunjika kugalaja. Za muvi wachitatu sananene. Anangoima pakhomo, pakati pa matayala akutha, n'kunena kuti, "Uwayankhe anthu a zombo aja. Uwauze kuti ukubwera."

Sipanala anapukuta manja pa chiguduli, chala chimodzichimodzi.

"Achemwali, ine ndakalamba, nthabwala zina zimandipweteka msana."

"Sindikuseka. Yapita nthawi yako yokwanira. Yatsalayi usaitaye."

Anamuyang'ana nthawi yaitali, kufunafuna pamene pathyoke. Sanapapeze. Lolemba anatumiza yankho.

Masiku otsatirawo Muvi anagwira nyumba ngati munthu wobwezera. Anasuntha bedi la Amayi kuti liyandikire khomo. Anachotsa kapeti imene inkawakola mapazi. Anakhomera chogwirira ku bafa, atakangana ndi kalipentala za msinkhu wake mpaka kalipentalayo anati, "Mayi, khomani nokha." Anakhoma yekha. Jakisoni analanda, shuga wa m'tiyi anabisa, ndipo anapita kuchipatala cha m'tauni kukafunsa ngati akufuna namwino. Anamuyankha kuti akufuna makumi, koma malo olembera alibe. Anati adzabweranso, ndipo adzabwerabe mpaka atatopa naye.

Sipanala anayamba kuimba mluzu. Anagula sutikesi yaikulu ya buluu n'kuiika pabalaza, pamene aliyense ankapunthwa nayo. Madzulo ankaitsegula, kuikamo malaya awiri, kuwatulutsanso.

"Kuzombo kumazizira, achemwali?"

"Kumazizira. Ugule masokosi, osati tayi."

"Tayi ndi ya chithunzi. Ndikufuna Amayi adzaone mwana wawo atavala tayi panyanja."

"Ndidzaona ndi maso ati?" anatero Amayi. Anaseka onse atatu, koyamba chiikireni maliro.

Koma Amayi ankamuyang'anitsitsa mwana wawo wamkazi ndi maso awo a mdimawo. Tsiku lina Muvi akuwabaya, Amayi anati, "Dzanja lako ndi lofewa kuposa la mlongo wako. Koma iye akamandibaya sayang'ana foni."

Foniyo inali ndi nkhani imodzi imene Muvi ankaizengereza. Ku ntchito akanatha kulemba kalata. Chilolezo chokhalira m'dziko lija, chimene chimafa munthu akakhalitsa kunja, anali atavomereza mumtima kuti chife. Chotsala chinali mwana. Bambo wa mwanayo anachoka kalekale, anali ndi banja lina ndi mavuto ena. Maganizo a Muvi anali okonzeka bwino: mtsikanayo amalize mayeso, akwere ndege, adzapitirize sukulu kuno. Anayeserera mawu ake akutsuka mbale. Lachitatu masana anakhala pakhonde la kuseri n'kuimba.

Anayankhula chiyankhulo cha uko, chifukwa china mwanayo ankangodziwa moni ndi mayina a zakudya. Amayi, ali pampando wawo pafupi ndi khomo, sanamve liwu ndi limodzi lomwe, koma anamva zonse.

"Ukubwera kuno," anatero Muvi. "Kuli agogo ako, kuli nyumba, kuli dzuwa. Sukulu ya agogo ako aamuna ndi yabwino."

"Amama, kumeneko ndi kwanu. Ine ndinafikako kamodzi, ana ankanditsatira mumsewu kumandiseka mayankhulidwe."

"Udzazolowera. Ine ndinazolowera uko."

"Munazolowera? Mumalira m'bafa, mumaganiza kuti sindimva."

Muvi anasunthira foni kukhutu lina.

"Tamvera, mwana wanga. Ndinalonjeza agogo ako."

"Inenso munandilonjeza. Pabwalo la ndege munati Lachisanu la sabata yachiwiri. Ndinakufunsani kawiri, munati Lachisanu. Anti a khomo loyandikana ayamba kufunsa kuti mubwera liti, mwamuna wawo akufuna chipinda chake. Ndikagone kuti? Amama? Mukundimva?"

"Ndikukumva."

"Mubwera Lachisanu?"

Foni itatha, Muvi anakhala chigwirire, akuyang'ana waya woyanikapo zovala. Malaya omaliza a Aphunzitsi anali pamenepo, manja ali lende.

"Ali ndi zaka zingati tsopano?" anafunsa Amayi.

"Khumi ndi zisanu."

"Mlongo wako ali ndi imvi, akhoza kukwiya n'kudya. Uyo sangadziphikire mkwiyo." Anapapasa ndodo yawo. "Bambo ako ankadziwa. Chaka chimene unabereka anabwera kunyumba n'kundiuza kuti, mayi, muvi uja wamera mizu. Koma mmawa mwake anapitanso kukadontheza."

"Ndikhoza kupita, ndikamukhazike bwino, ndibwere. Chaka chimodzi chokha."

"Usandiuze ine zimenezo. Ine si bolodi."

Muvi anapeza Sipanala kugalaja ali pansi pa galimoto, miyendo yokha ikuoneka. Zinamuphwekera choncho. Anayankhula ndi nsapato zake, zonse mwadongosolo, za mwana, za chipinda cha eni ake, za Lachisanu. Mluzu unasiya. Kwa kanthawi kunkangomveka mafuta akudontha m'beseni.

"Ndipatsireni sipanala yaing'onoyo," anatero mawu a pansi pa galimoto.

Anaiika m'dzanja limene linatuluka.

"Ndiyankhe, iwe. Unditukwane."

"Ndikumanga nati, achemwali. Mwini galimotoyi akuifuna lero."

Madzulo ake anatulutsa malaya awiri ndi tayi m'sutikesi ya buluu ija, n'kuikankhira kukhomo la chipinda cha mlongo wake.

"Muikemo mabuku a ababa. Mwana wanu aziona mapu. Ndi yatsopano, mawilo ake sanagundepo msewu."

Kenako anasamba m'manja ndi sopo wa mbale, natenga kabotolo ndi jakisoni pa shelefu pamene Muvi anaziika.

Lachinayi m'mawa, tsiku la ulendo, Amayi anamupatsa sosala ija ya zidutswa za choko kuti akasiye kusukulu, ana agwiritse ntchito. Sanamuperekeze kugeti. Anati miyendo, ndipo mwina inalidi miyendo.

Sipanala anayendetsa osatsegula wailesi. Atafika pasukulu anaima pageti, injini ikulira, monga ankachitira ndi bambo ake.

"Tsika," anatero Muvi.

"Ndidikira muno."

"Tsika, iwe. Sindidzakupemphanso kanthu."

"Limenelonso ndi lonjezo?"

Komabe anazimitsa injini. Inali nthawi yopuma, ana onse ali pabwalo, phokoso lawo ngati mvula pamalata. M'kalasi munalibe munthu. Bolodi linali lodzaza masamu a m'mawa, manambala akupanikizana, kukhotera pansi pofika pakona paja ngati madzi olambalala mwala. Muvi anaika sosala patebulo. Sipanala anaima pakhomo, manja m'thumba.

"Ndachiona chithunzi chanu. Tiyeni, ndege sidikira."

"Yandikira."

Anayandikira monyinyirika. Anaona kabokosi ka bambo ake kodulidwa ndi rula. Anaona muvi wonenepa, ndi wa timadontho wobwerera. Kenako maso ake anafika pa kabokosi kake, natsata timadontho totulukamo, kamodzikamodzi, mpaka kunsonga, pamphepete penipeni pa bolodi. Kunsongako Aphunzitsi, amene moyo wawo wonse sankatha kujambula china koma mapu ndi mabokosi, anali atayesa kujambula kachombo. Kanali kopindika, kofanana ndi beseni.

Sipanala anatulutsa manja m'thumba.

"Unayamba liti uwu?"

"Ana akuti anaupeza. Ahedi akuti chaka chimene unakana ulendo woyamba."

Sipanala anayang'ana kachomboko, nayang'ana pansi, nayang'ananso kachomboko. Timadontho tina tinali titayamba kufufutika, pamene chofufutira cha masamu chinkapsepsa m'mbali. Anasankha m'sosala kachidutswa kotalikirapo, nakokera mpando, nakwera ndi nsapato zake za girisi. Ananyowetsa nsonga ya choko ndi lilime. Anayamba ndi muvi wa mlongo wake, kadontho ndi kadontho, osalumpha, osalumikiza. Atamaliza ananyowetsanso choko, nadontheza wake.

Anatsika, napukuta mpando ndi chigongono, naubwezera pamalo pake.

"Tiyeni," anatero.

Masana omwewo Muvi anakwera ndege. Sanalumikize.